Google Scholar potsata ntchito ya Pulofesa Richard Thompson: ndi yabwino zedi, koma manambala ake asakupusitseni

Ngati mukufuna kudziwa zoona za katswiri wina amene dzina lake likumveka pa nkhani za kuonongeka kwa chilengedwe, kuti kodi alidi ndi ntchito kumbuyo kwake kapena ndi pakamwa chabe, poyambira pabwino ndi Google Scholar basi, chida cha Google chosakira mapepala a kafukufuku amene akatswiri amafalitsa. Ndi yaulere, simufunika kulembetsa kuti musake, imatseguka pa foni ngakhale netiweki ili yofooka chifukwa tsamba lake ndi la mawu okhaokha, mulibe zithunzi kapena zotsatsa malonda. Inayamba mu November 2004, anaipanga ndi Anurag Acharya ndi Alex Verstak a ku Google konko, ndipo maonekedwe ake sanasinthe kwenikweni mpakana pano, zomwe kwa ine zili bho chifukwa munthu ukaiphunzira kamodzi wathana nazo.

Ine ndakhala ndikuigwiritsa ntchito potsata mapepala a Pulofesa Richard Thompson a ku University of Plymouth ku England, katswiri wa zamoyo za m'nyanja amene amadziwika ndi kafukufuku wa timapulasitiki ting'onoting'ono tija amati microplastics. Ndinasankha iwowa dala, chifukwa ntchito yawo ndi yaitali, yadutsa zaka 20 pa mutu umodzi, ndipo inatuluka mu labu nkukafika ku nyumba ya malamulo, nde imaonetsa bwino pamene Scholar ili ndi mphamvu komanso pamene ili yakhungu.

Choyamba kudziwa nchakuti dzina lokha silikwanira. Ma Richard Thompson ndi ambiri pa dziko pano, ena ndi a za ubongo, ena a zamankhwala, nde mukangolemba dzinalo mupeza chisokonezo. Lembani author:"RC Thompson" kenako muonjezere mawu oti microplastic kapena plastic debris, pompo mndandanda uyera. Pepala lomwe mukhale mukulisaka ndi la mu May 2004 mu magazini ya Science, mutu wake "Lost at Sea: Where Is All the Plastic?". Ndi la tsamba limodzi lokha, eeh limodzi, ndipo ndikukupemphani kuti muliwerenge lonse musanayang'ane nambala iliyonse, chifukwa zonse zimene zinabwera pambuyo pake zinachokera pa funso losavuta lomwe linabala pepalalo. Dziko likupanga pulasitiki wochuluka chaka ndi chaka, pulasitikiyo saola, nanga bwanji zinyalala zazikulu zimene anthu amatola m'mphepete mwa nyanja sizikuchuluka molingana ndi zimene zikupangidwazo, wina yense akupita kuti? A Thompson ndi anzawo anatenga mchenga ndi matope kuzungulira Plymouth komanso magombe ena a ku UK, anapezamo tizidutswa ndi tiulusi tosaoneka bwino ndi maso, nkutipima ndi makina a FT-IR amene amazindikira mtundu wa pulasitiki poona momwe akumwera kuwala, ndipo anapeza mitundu 9 kuphatikiza nayiloni ndi poliyesita. Chomwe chimandisangalatsa kwambiri nchakuti sanalekere pomwepo. Anapita ku zitsanzo zakale za plankton, tizamoyo toyandama tija, zimene sitima zakhala zikutolera kuyambira kalekale pokoka kachipangizo kotchedwa Continuous Plankton Recorder, ndipo anaona kuti pulasitiki analimo kale mu zitsanzo za m'ma 1960, nkumachuluka zaka zikamapita. Kenako anaika tizidutswato mu thanki momwe munali nyongolotsi za mumchenga ndi tizilombo tina ta m'nyanja, patangopita masiku ochepa tinali titadya. Tsamba limodzi limenelo.

Pansi pa pepala lililonse Scholar imaika kamzere kakang'ono kolembedwa Cited by ndi nambala pambali, ndipo kamzere kameneka ndiye chuma chonse cha sevisi imeneyi. Mukadina, mumaona mapepala onse amene anatchulapo pepala loyambalo. Pa pepala la 2004 lija ndi masauzande ndithu, simungawamalize, koma kumanzere kuli posankha zaka, nde mutha kunena kuti ndionetse a 2005 mpaka 2009 okha, kenako 2010 mpaka 2014, chonchi chonchi. Mukachita zimenezi mumaona ndi maso anu momwe nkhani inakulira, zaka zoyambirira mapepala ndi owerengeka ndipo mayina ndi omwewoomwewo, kenako mwadzidzidzi anthu a ku China, Germany, Brazil, Korea onse alowamo, ena akusaka mu mitsinje, ena mu nthaka ya m'minda, ena mu mchere, ena mu madzi a m'botolo. Palinso kabokosi ka Search within citing articles komwe anthu ambiri sakaona, mukakachonga mutha kusaka mawu amodzi mkati mwa gulu lokhalo la amene anatchula pepalalo, mwachitsanzo fish kapena soil, zimapulumutsa nthawi kwabasi.

Ndi njira imeneyi ndinatha kulumikiza ntchito ya a Thompson ngati nkhani imodzi yoyenda, funso lina likubala linzake. Atapeza kuti tizilombo timadya pulasitiki, funso lotsatira linali lakuti akalowa m'mimba amathera momwemo? Mu 2008 Mark Browne, amene ankagwira nawo ntchito, anatsogolera pepala mu magazini ya Environmental Science & Technology loonetsa kuti mu nkhono za m'nyanja zotchedwa mussel tizidutswato timachoka m'matumbo nkulowa mu madzi amene amagwira ntchito ngati magazi pasanathe masiku 3, ndipo tinali tikadalimo patadutsa masiku 48. Mu 2011 Browne yemweyo ndi a Thompson ndi anzawo anatenga mchenga pa magombe 18 m'makontinenti 6, anapeza kuti tiulusi tambiri tikufanana ndi ta zovala, ndipo atachapa zovala mu makina anaona kuti chovala chimodzi chitha kutulutsa tiulusi toposa 1,900 pa kuchapa kamodzi. Mu 2013 Amy Lusher anang'amba nsomba 504 za mitundu 10 za mu English Channel, nyanja ya pakati pa England ndi France, 36.5 peresenti zinali ndi pulasitiki m'mimba. Kenako Imogen Napper, mu 2015, anayeza mankhwala okhulira kumaso aja amene amakhala ndi timikanda tokhakhala, anapeza kuti kusamba kamodzi kutha kutaya timikanda ta pulasitiki pakati pa 4,594 ndi 94,500 mu paipi. Mu 2016 Napper ndi a Thompson anabwereranso ku makina ochapira, makilogalamu 6 a zovala za akiriliki anatulutsa tiulusi toposa 700,000.

Pepala lawo lomwe ine ndimalikonda kuposa onse ndi la 2019 la majumbo. Anatenga majumbo amene pa iwo palembedwa kuti amaola okha, ena anawakwirira mu dothi, ena anawamiza mu nyanja, ena anawapachika panja, nkudikira zaka 3. Atafukula, ena mwa majumbo olembedwa kuti biodegradable anali athunthu moti anatha kunyamula katundu wa mu shopu osang'ambika. Jumbo la mtundu wa compostable, loti limasanduka manyowa, linasungunuka mu nyanja pasanathe miyezi 3 koma mu dothi linali likadalipo patapita nthawi yaitali. Kafukufuku wake ndi wosavuta kumva, aliyense akhoza kumutsata, koma amafuna kudekha kwa zaka, ndipo amagunda pamene makampani amabisala, pa mawu okoma olembedwa pa katundu. Umu ndi momwe bambowa amagwirira ntchito kuyambira kale, amafunsa funso loti mwana akhoza kufunsa kenako nkuliyankha ndi sikelo ndi maikulosikopu.

Komatu taonani apa, pa mapepala ambiri amene ndatchulawa dzina loyamba si la a Thompson. Mu sayansi ya zamoyo mwambo wake ndi wakuti wophunzira kapena wofufuza wachinyamata amene wagwira ntchito yambiri ndi manja amakhala koyamba, mkulu wa labu amakhala kumapeto. Nde Scholar ikamaonetsa zotsatira imadula mndandanda wa mayina ukatalika, imangoika atatu kapena anayi oyamba kenako timadontho, mapeto ake dzina la mkulu wa ntchitoyo ndi lomwe limabisika. Munthu wachilendo akhoza kudutsa pepala osadziwa kuti linachokera ku gulu lomwelo la ku Plymouth lotchedwa International Marine Litter Research Unit. Muyenera kutsegula pepalalo kuti muone mayina onse. Ndipo ine ndimaona kuti mbali yaikulu ya chikoka cha wasayansi ili pomwepa, pa anthu amene anadutsa m'manja mwake. Lusher anapitiriza yekha mpaka kulemba nawo lipoti la 2017 la FAO, bungwe la UN loona za chakudya ndi ulimi, lokhudza timapulasitiki mu usodzi, Napper anayeza chipale cha pa phiri la Everest ndipo mu 2020 anafalitsa kuti anapeza tiulusi pa mamita 8,440. Palibe nambala pa Scholar imene imakuuzani kuti awa anaphunzira kwa awa, mumachita kulumikiza nokha poona mayina akubwerezabwereza.

Za kupeza pepala lenilenilo kuti muwerenge, apa Scholar imathandiza kwambiri ngakhale siimaliza vuto lonse. Magazini ambiri a sayansi amatseka mapepala awo, amafuna mulipire kapena mukhale pa yunivesite imene inalipira kale. Koma kumanja kwa zotsatira nthawi zambiri kumakhala kalinki kolembedwa PDF, ndipo kakasowa dinani All versions pansipo, mumapeza malo ena onse kumene pepala lomwelo linaikidwa. University of Plymouth ili ndi nkhokwe yake ya pa intaneti yotchedwa PEARL komwe ofufuza ake amaikako makope aulere, nde mapepala angapo a gululi mumawapeza kudzera kumeneko. Palinso batani la Cite lomwe limakulemberani katchulidwe ka pepalalo mu masitayelo a APA, MLA, Harvard ndi ena, ndi lothandiza kwa ophunzira koma muzionanso nokha chifukwa ndi makina amene amatola zimenezo, pena chaka kapena dzina limasokonekera. Mutha kuikanso alert kuti pepala latsopano lotchula mutu wanu likatuluka akutumizireni imelo.

Tsopano manambala. Kuyambira 2011 wofufuza aliyense atha kutsegula tsamba lake pa Scholar, pamakhala mapepala ake onse, galafu ya chaka ndi chaka, ndi manambala atatu: kuchuluka kwa amene anamutchula, h-index ndi i10-index. H-index inayambitsidwa ndi Jorge Hirsch mu 2005, ikakhala 50 ndiye kuti munthuyo ali ndi mapepala 50 amene lililonse linatchulidwa kosachepera ka 50. I10 ndi chiwerengero cha mapepala otchulidwa kosachepera ka 10. Zikuoneka zaukhondo, ndipo anthu amazikonda chifukwa ukhoza kuika akatswiri awiri pambali nkunena kuti uyu waposa uyu. Ine ndikukana ndithu kugwiritsa ntchito motero, pa zifukwa zingapo zimene zimaoneka bwino pa nkhani yomweyi ya pulasitiki.

Scholar imawerenga chilichonse chimene chikuoneka ngati pepala la maphunziro, kaya ndi magazini yolemekezeka, kaya ndi thesis ya wophunzira, kaya ndi magazini zachinyengo zija zimangolandira ndalama osaunika, zonse ndi voti imodzi imodzi. Nchifukwa chake manambala ake amakhala okwera kuposa a masevisi ena ofanana nayo, Scopus ya kampani ya Elsevier kapena Web of Science ya Clarivate, amene amasankha magazini koma ndi olipira. Kutakata kumeneku kuli ndi ubwino wake, malipoti a mabungwe ndi mapepala a zilankhulo zina amalowamo, koma khomo ndi lotseguka kwa akuba omwe. Mu 2010 Cyril Labbé wa ku Grenoble anapeka wasayansi wabodza dzina lake Ike Antkare, anamupangira mapepala pafupifupi 100 opanda tanthauzo olembedwa ndi pulogalamu ya kompyuta, onse akutchulana okhaokha, ndipo h-index ya munthu wosakhalakoyo inafika 94. Anachita izi pofuna kuchenjeza anthu, ndipo chenjezo lake likadali lamoyo.

Chinanso, nambala siikuuzani chifukwa chimene pepala latchulidwira. Mapepala ambiri a timapulasitiki amatchula la 2004 lija mu chiganizo choyamba ngati malonje chabe, kenako nkupita kwina. Wina akhoza kutchula pepala pofuna kulitsutsa, imawerengedwabe chimodzimodzi. Mutu ukatchuka aliyense wolemba za iwo manambala ake amafufuma, pamene katswiri wa mtovu mu dothi kapena utsi wa m'makhitchini, amene ntchito yake mwina ikupulumutsa miyoyo yambiri lero lomwe, amaoneka wamng'ono chifukwa anzake omutchula ndi ochepa. Mapepala ongosonkhanitsa zimene ena anapeza amatchulidwa kwambiri kuposa a munthu amene wakhala zaka mu matope akutola zitsanzo. Kufananiza anthu a magawo osiyana ndi h-index kuli ngati kupima ufa ndi thonje pa chitini chimodzi nkunena kuti kulemera kwake nkofanana.

Ndipo Scholar imayang'ana kutsogolo kokha. Imakuonetsani amene anabwera pambuyo pa pepala, koma mndandanda wa amene pepalalo linatsamirapo mulibe, muyenera kutsegula pepalalo nkupita kumapeto kwake. Izi zimapangitsa munthu kuganiza kuti zonse zinayamba mu 2004, pamene Edward Carpenter ndi Kenneth Smith analemba kale mu Science mu 1972 za tizidutswa ta pulasitiki toyandama pa Sargasso Sea. Ntchito ya a Thompson siichepa chifukwa cha zimenezi ayi, iwo ndi amene anaonetsa kuti tosaoneka ndi maso tili ponseponse ndipo tikuchuluka, nkuipatsa nkhaniyo dzina lomwe linagwira. Koma chilungamo chimafuna kuti akale aja azikumbukiridwa. Ngakhale muyezo wotchuka wakuti microplastic ndi kachidutswa kochepera mamilimita 5 unachokera kwina, ku msonkhano umene bungwe la boma la America loona za nyanja ndi nyengo, la NOAA, linachititsa ku Tacoma mu 2008.

Chomwe chimandikhudza kwambiri ndi ichi. Zinthu zazikulu zimene kafukufukuyu anasintha sizioneka pa Scholar olo pang'ono. Mu December 2015 America inakhazikitsa lamulo la Microbead-Free Waters Act loletsa timikanda ta pulasitiki mu zosambira. Ku UK komiti ya nyumba ya malamulo yotchedwa Environmental Audit Committee inafufuza nkhaniyi mu 2016, a Thompson anakapereka umboni, ndipo mu January 2018 kupanga zosambira zokhala ndi timikandato kunaletsedwa, kugulitsa kunaletsedwa mu June chaka chomwecho. Matani a pulasitiki amene sanalowe mu nyanja chifukwa cha lamulo limeneli alibe mzere wa Cited by. Chimodzimodzi masiku amene a Thompson ndi asayansi anzawo a gulu la Scientists' Coalition for an Effective Plastics Treaty akhala m'maholo a misonkhano kufotokozera nthumwi za maiko umboni, kuchokera pamene maiko anagwirizana ku Nairobi mu March 2022 kuti pakhale pangano la dziko lonse la pulasitiki, mpaka zokambirana za ku Busan kumapeto kwa 2024 ndi za ku Geneva mu August 2025 zimene zonse zinatha popanda mgwirizano. Zimandiwawa kuti umboni ulipo wokwanira koma pangano palibe, ndipo pa galafu ya Scholar simungaone kupambana kwa 2018 kapena kukanika kwa 2025, mizere imangokwera basi. Ulemu umene a Thompson analandira nawonso muyenera kukausaka kwina: mendulo ya ufumu wa UK ya OBE mu 2018, kusankhidwa kukhala Fellow wa bungwe la asayansi la Royal Society mu 2020, Volvo Environment Prize mu 2022 ndi Blue Planet Prize mu 2023, ziwiri zomalizazi anagawana ndi Tamara Galloway wa ku Exeter ndi Penelope Lindeque wa ku Plymouth Marine Laboratory.

Pali zoperewera zina zazing'ono zoti mudziwiretu. Pa kusaka wamba simungasanje zotsatira kuyambira pa lotchulidwa kwambiri, olo ikuuzeni kuti yapeza mapepala masauzande ambiri imakulolani kuona 1,000 okha, ndipo Google siinena poyera mndandanda wa magazini amene imatolamo. Amene akufuna kusanja ndi kutsitsa manambala amagwiritsa ntchito pulogalamu yaulere ya Publish or Perish ya Anne-Wil Harzing. OpenAlex ndi Semantic Scholar nazonso ndi zaulere ndipo zimaonetsa mbali zonse ziwiri, amene anatchula pepala ndi amene pepalalo linatchula, nde ndi bwino kuziphatikiza.

Ndiye kodi ndikuilimbikitsa? Eya, kwa wophunzira, mtolankhani, wogwira ntchito ku bungwe la zachilengedwe kapena aliyense amene wamva nkhani yoopsa ya pulasitiki m'magazi kapena mu nsomba ndipo akufuna kuona gwero lake, palibe chida china chaulere chofulumira chonchi. Ine ndingaipatse 4 pa 5, imodzi ndachotsa chifukwa cha mayina odulidwa aja ndi manambala osasefa. Ngati mukufuna kuyesa pa nkhani yomweyi, yambani ndi tsamba limodzi la 2004, kenako sakani pepala la 2024 mu Science lomwe a Thompson ndi anzawo analemba poyang'ana m'mbuyo, "Twenty years of microplastic pollution research—what have we learned?". Mmenemo akunena kuti timapulasitiki tapezeka mu mitundu ya zamoyo yoposa 1,300, kuti gwero lake lalikulu likuphatikiza matayala a galimoto akamaperepeseka pa msewu, zovala, penti ndi kuphwanyika kwa zinyalala zikuluzikulu, ndiponso kuti olo dziko litasiya kutaya pulasitiki lero, zomwe zili kale kunjako zipitiriza kuphwanyika nkuchulukitsa tizidutswa kwa zaka zambiri. Mukamaliza limenelo dinani Cited by wake, musankhe chaka chino, muone amene akugwira ntchitoyi panopa ndi mafunso amene akulimbana nawo, makamaka a tizidutswa tochepetsetsa ta nanoplastics ndi zimene timachita m'thupi la munthu.